Mabuleki Akutsogolo Akamagwira Okha

Amayi anzanga, m'makomo angapo kuno ku Lobi muli njinga yamoto yakale imene yakhala pabanja zaka zochuluka kuposa ana ena a m'nyumbamo. Ina adaigula bambo amene adali mlangizi wa zaulimi, ina idachokera ku mishoni itatha ntchito yake kumeneko, ina adaisiya malume amene adakagwira ntchito kunja. Utoto udasuluka kalekale, mpando udasokedwa kawiri katatu, koma injini ikulirabe bwinobwino. Sizodabwitsa ayi. Honda CG125, imene idayamba kupangidwa mu 1975, adaikonzera dala maiko onga lathu lino, kumene misewu ndi yafumbi ndipo amakaniko ali kutali. Yamaha AG100 ya 1973 adaipangira alimi kuti aziyendera m'minda ndi kobusa ziweto. Kanjinga kaja ka Honda Super Cub kadayamba mu 1958, ndipo mpaka lero kakupangidwabe.

Tsono njinga imeneyi, ngakhale makiyi amasunga ndi bambo, si ya bambo okha. Ndiyo imanyamula matumba a mbatata ya kachewere ndi madengu a tomato kupita nazo kumsika. Ndiyo imadzutsidwa pakati pa usiku mwana akatentha thupi, kapena matenda a uchembere akamuyamba mpongozi. Ndipo amene amakwera kumbuyo, atakhala chammbali, mwana ali kumsana, ndinu mayi. Mabuleki akalakwa pamtsetse, wakumbuyo alibe chiwongolero choti agwire, ndipo mwana wakumsana alibe chipewa choteteza mutu. Motero nkhani ya mabuleki ndi yanu ndithu.

Vuto limene tikambe lero ndi la mabuleki akutsogolo amene amagwira okha. Woyendetsa wafinya chogwirira cha kudzanja lamanja, njinga yaima, iye wasiya chogwiriracho, koma gudumu silikumasuka kwenikweni. Limakhala ngati pali wina amene akulikanikiza. Vutoli limakonda njinga zakale, ndiponso limakonda malo onga athu ano. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yaikulu, ndipo chigawo chonsechi n'chozizira ndi chachinyontho. Kuyambira Novembala kufikira Epulo kumakhala mvula ndi matope, m'miyezi ya Juni ndi Julayi nkhungu ndi mame. Lobi adakula pamene adasankhidwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kukhala amodzi mwa malo achitukuko cha kumidzi mothandizidwa ndi dziko la West Germany. Koma midzi ndi madimba amene amadyetsa msika wake ali kutali ndi msewu wa ku Linthipe, ndipo njinga imafikako podutsa m'tinjira ta matope ndi m'timitsinje. Madzi ndi dothi zikalowa m'mabuleki, njinga n'kuimikidwa pakhonde masabata angapo, dzimbiri limayamba ntchito yake. Njinga zambiri zidadwala chonchi pa nthawi imene petulo adasowa m'dziko muno, m'zaka za 2011 ndi 2012, osati chifukwa choyenda kwambiri, koma chifukwa chongokhala.

Kodi mungadziwe bwanji kuti matendawa afika pakhomo panu? Kawirikawiri mayi ndiye amayamba kuona, chifukwa ndiye amakankha njinga kuti asese. Njinga imene kale inkasuntha ndi dzanja limodzi tsopano ikulemera ngati yasenza chimanga. Gudumu lakutsogolo likulira ngati munthu akunola mpeni pamwala. Bambo akudandaula kuti petulo sakukhalitsa, kapena kuti njinga ikulephera zitunda zimene inkakwera osavuta. Akafika kuchokera kuulendo, yandikizani kuseri kwa dzanja lanu pakati pa gudumu lakutsogolo, osakhudza. Ngati pakutuluka moto ngati wa pa chiwaya, kapenanso pakumveka fungo la chinthu chopserera, mabuleki akhala akugwira njira yonse. Kuti mutsimikize, kwezani gudumulo kuti lisagunde pansi ndipo mulizungulitse ndi dzanja. Labwino limazungulira kangapo lokha lisanaime. Lodwala limaima pomwepo.

Choopsa chake n'chakuti mabuleki otentha satha kugwira pamene mukuwafuna. Amakhala atatopa kale ulendo usanafike pamtsetse. Nthawi zina amachita zosiyana ndi zimenezi: amaluma mwadzidzidzi, gudumu lakutsogolo n'kuima, ndipo pamatope kapena pamiyala yaing'onoing'ono njinga imaterereka nthawi yomweyo.

Komatu choopsa kuposa matendawo ndi mankhwala amene anthu ambiri amathamangira. Wina amamasula nati yakumapeto kwa nthambo mpaka buleki itaferatu, n'kunena kuti wakonza. Wina amachotseratu nthamboyo n'kuipachika pamsomali. Mudzamva akuti, "Yakumbuyo ilipo, yakutsogolo imagwetsa." Mawu amenewa ndi onyenga. Njinga ikamaima, kulemera kwake konse, pamodzi ndi anthu ndi katundu, kumathamangira kutsogolo. Gudumu lakumbuyo limapepuka ndipo silichedwa kukhululuka pansi. Aphunzitsi a kayendetsedwe ka njinga amaphunzitsa kuti magawo pafupifupi 7 mwa magawo 10 a mphamvu yoimitsa njinga ali ku gudumu lakutsogolo. Potsika phiri ndi matumba awiri a mbatata, buleki yakumbuyo yokha ili ngati kumanga ng'ombe ndi luzi lofumbwa. Winanso amathira oyilo m'kati mwa buleki kuti ifewe. Imafewadi, koma siidzagwiranso. Buleki yogwira yokha imafuna kutsukidwa, osati kuphedwa, ndipo nthawi zambiri ntchito yake n'njotheka pakhomo, masana amodzi, popanda kugula kanthu kakakulu.

M'kati mwa gudumu muli chiyani?

Njinga zambiri zakale zili ndi mabuleki a diramu. Taganizani za mphika wachitsulo wogonekedwa chammbali pakati pa gudumu, umene umazungulira limodzi ndi gudumulo. Umenewo ndiwo diramu. Pakamwa pake pali chivundikiro chimene sichizungulira. Kuseri kwa chivundikirocho kwamangiriridwa zitsulo ziwiri zopindika ngati mwezi wongooneka kumene, zimene amakaniko amazitcha mashuzi, ndipo kumsana kwake kwamatidwa chikamba cholimba chimene chimakhuza diramu. Pakati pa nsonga za mashuzi awiriwa pali kachitsulo kaphanthiphanthi kamene kamabooleza chivundikiro n'kutulukira kunja, kumene kalumikizidwa ndi kamkono. Mukafinya chogwirira, nthambo imakoka kamkono, kachitsulo kaja kamapotoloka n'kukankhira mashuzi kunja, ndipo iwo amakanikiza diramu. Mukasiya, masipuling'i awiri amakokera mashuzi m'malo mwake.

Nzeru yonse ndi yomweyi. Dzanja la munthu ndi lamphamvu, limatha kukakamiza buleki yadzimbiri kuti igwire. Koma chobweza buleki si dzanja ayi, ndi timasipuling'i tiwiri tochepa ngati chala. Kanthu kalikonse kolimba panjirapo, kaya m'nthambo, kaya pa kachitsulo kopotoloka kaja, kamatigonjetsa. Choncho ntchito yanu ndi kufufuza pamene palimba, kuyambira kumwamba kutsikira kumunsi, kuyambira pa zosavuta.

Yambani ndi chogwirira. Chifinyeni ndi kuchisiya. Chiyenera kubwerera chokha mwamsanga, ndiponso chiyenera kuyenda pang'ono chopanda kanthu buleki isanayambe kugwira. Mabuku a njinga zazing'ono za Honda amati mpata umenewu ukhale wa mamilimita 10 kufikira 20 poyeza kunsonga ya chogwirira, ndiko kuti ngati kukula kwa chala chimodzi. Ngati mpata palibe, wina adamangitsa nati yosinthira, ndipo kuibweza pang'ono kungathe kuchiza vuto lonse. Onaninso ngati chogwirira chidapindika njinga itagwa, kapena ngati polumikizira pake pauma. Dontho limodzi la oyilo pamenepo ndi lololedwa.

Kenaka masulani nthambo ya buleki, imene ambiri amaitcha kebulo, kumunsi kumene yakola kamkono. Zungulitsani gudumu. Ngati tsopano likuyenda momasuka, wolakwa ndi nthambo. Ichotseni kumwamba komwe, ndipo muyese kukoka waya wam'kati uku ndi uku. Ngati timawaya tina tathothoka, ngakhale kamodzi kokha, nthamboyo yatha. Gulani ina, ndipo mutenge yakaleyo popita kusitolo kuti mukayerekeze kutalika kwake. Ngati yangouma, pali njira imene mayi aliyense angaithe. Dulani ngodya ya kajumbo, lowetsanimo nsonga yakumwamba ya nthambo, mangani zolimba ndi mphira kuti kajumboko kakhale ngati fanulo, thiranimo oyilo wa injini supuni ziwiri, n'kupachika nthamboyo pamtanda wa khonde usiku wonse. M'mawa mudzapeza oyilo wakuda akudontha kumunsi, atatsuka dothi ndi dzimbiri. Pukutani bwino kuti asatsikire ku buleki.

Nanga ngati nthambo yachotsedwa koma gudumu likadali lomangika? Kankhani kamkono kaja ndi dzanja. Ngati kakulimba, kapena mukakakankha sikabwerera kokha, vuto lili m'kati, ndipo gudumu liyenera kutsika. Musaope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Konzekerani masipanala olingana ndi manati a njingayo, pulayazi, sandipepa wosalala, nsanza zoyera, beseni la madzi a sopo, palafini pang'ono ndi girisi wopirira kutentha. Yalani chiguduli choyera pansi, ndipo chilichonse chimene mwachotsa muchiike pamenepo mwa ndondomeko yake, choyamba kumanzere, chotsatira kumanja kwake, monga muchitira ndi nsalu zimene mwadula musanasoke. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani musanachotse chilichonse. Ana aang'ono akasewere kutali, chifukwa kawashala kamodzi kakalowa m'thumba la mwana ntchito yonse yaima, komanso njinga yopanda gudumu siichedwa kugwa.

Nati yaikulu ya ekiselo, chitsulo chachitali chimene gudumu limazungulirapo, muimasule pang'ono njinga ikadali pansi. Ngati ili ndi kapini kopindidwa, wongolani ndi kusolola kapiniko poyamba. Mukatero imikani njinga pa sitandi yapakati pamalo osalala, ikani chitsa kapena njerwa pansi pa injini kuti kutsogolo kunyamuke, ndipo munthu wamkulu agwire kumbuyo. Masulani nthambo ya mita yoonetsa liwiro ngati ilipo. Sololani ekiselo, gudumu litsike, ndipo musamale kampaipi kakafupi kamene kamakhala m'mbali mwake: konani mbali imene kachokera. Tsopano kokani chivundikiro chija. Chidzatuluka pamodzi ndi mashuzi ake.

Apa ndipo pofunika kumvetsera. M'kati mudzapezamo fumbi lakuda. Musaliuzire ndi pakamwa, musalikunthe, musalisese ndi tsache. Zikamba za mabuleki akale zinkapangidwa ndi asibesitosi, mwala waulusi umene unkakumbidwa kwambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe. Timaulusi take tikalowa m'mapapo sitituluka, ndipo patapita zaka zambiri timayambitsa matenda a mapapo ndi khansa. Dziko la South Africa lidaletsa asibesitosi mu 2008. Njinga ya zaka makumi anayi ikhoza kukhala nayebe, ndipo simungamuzindikire ndi maso. Choncho mangani nsalu yonyowa pamphuno ndi pakamwa, gwirani ntchito panja, pukutani fumbilo ndi nsanza yoviika m'madzi a sopo, ndipo nsanzayo muikwirire kudzala. Isabwererenso kukhitchini. Beseni limenelonso lisakhale losambitsiramo mwana.

Lembani chizindikiro pa shuzi iliyonse kuti mudzadziwe mbali yake. Pochotsa, gwirani onse awiri ndi kuwapinda molozetsa kwa inu monga mutsekera buku, ndipo adzachoka pamodzi ndi masipuling'i. Samalani zala. Tsono yesani kupotokola kachitsulo kaja. Pa njinga zambiri za kuno wolakwa ndi kameneka. Kamayenera kuzungulira ndi zala ziwiri, koma mudzakapeza katagwirana ndi chivundikiro chifukwa cha dzimbiri ndi girisi wakale amene adasanduka phula. Musanachotse kamkono, yang'anani timadontho tiwiri todindidwa, kena pa kamkono, kena pansonga ya kachitsulo. Timeneti tiyenera kudzayang'anizananso pobwezera. Ngati sitikuoneka, kandani chizindikiro chanu ndi msomali. Masulani kamkono, ndipo mukankhe kachitsuloko kuti katulukire m'kati. Kakakana, dontheza palafini, dikirani, n'kugogoda pang'onopang'ono mutatsamiza kathabwa. Musamenye ndi hamala pachitsulo penipeni, pakuti mudzaphwanya mano ake, ndipo chivundikiro n'cha aluminiyamu, sichichedwa kusweka.

Kakatuluka, kakwecheni ndi sandipepa mpaka kawale ngati supuni yotsukidwa ndi phulusa. Tsukaninso bowo lake ndi kansanza kokulunga pa kamtengo. Pukutani palafini yense kuti paume gwa. Mukatero pakani girisi, koma pang'ono zedi, wongokwanira kunyezimiritsa chitsulo, monga mupaka mafuta pamilomo ya mwana m'nyengo yozizira. Pakaninso kadontho pamene nsonga za mashuzi zimatsamira. Girisi wambiri ndi mdani: buleki ikatentha amasungunuka n'kuyenderera pa zikamba. Amayi amene amadziwa kuti mchere wambiri umaononga ndiwo sadzavutika kumvetsa zimenezi, ndipo kunena zoona dzanja la mayi pa ntchito iyi limaposa la anyamata ambiri a m'mbali mwa msewu amene amapaka girisi ngati akumata nyumba.

Tsopano yang'anitsitsani mashuzi. Ngati chikamba chatsala chopyapyala, cha mamilimita 2 kapena kucheperapo, nthawi yake yatha. Mashuzi otha amachititsa kachitsulo kaja kupotoloka mopitirira, ndipo kakhoza kuima chopingasa n'kukanirira pomwepo, buleki itagwira. Ngati chikamba chayamba kumatuka, ngakhale pangodya pokha, musachimate ndi guluu wa nsapato. Chikamatuka chonse muli paulendo chimakakamira m'diramu n'kuimitsa gudumu mwadzidzidzi. Ngati chamwa oyilo, kutsuka kapena kuwamba pamoto sikuthandiza. M'zonsezi gulani mashuzi atsopano, awiri onse pamodzi, ndi masipuling'i ake omwe. Sipuling'i yadzimbiri kapena yotanuka siibwerera mphamvu. Koma ngati zikamba zikadali zonenepa, zouma ndi zomatika bwino, zipukuteni ndi nsanza yonyowa, ndipo ngati zasalala ngati galasi muzikhuze pang'ono ndi sandipepa zikadali zonyowa kuti fumbi lisauluke. M'kati mwa diramu muchotsemo dzimbiri ndi sandipepa, n'kupukuta mpaka nsanza izituluka yoyera. Zala za girisi zisakhudze diramu kapena zikamba.

Pali zina zimene si za pakhomo. Ngati gudumu limagwira pamalo amodzi okha pa kuzungulira kulikonse, n'kumasuka, n'kugwiranso, diramu lapindika ndipo salinso lozungulira bwino. Ngati m'diramu muli mizere yakuya kapena mng'alu, ngati ekiselo ikugwedera mukaigubuduza patebulo, kapena ngati gudumu likugwedezeka uku ndi uku chifukwa mabering'i atha, pitani nazo kwa makaniko wodziwa. Kunyamula gudumu lokha pa minibasi kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe n'kotsika mtengo kuposa kugona m'chipatala.

Pobwezera, tsatani chiguduli chanu kuyambira kumanja kubwerera kumanzere. Chinthu chimodzi musachiiwale ngakhale dzuwa litalowa: pa mwendo wa foloko pali kachitsulo kotumphuka kamene kamalowa m'mpata wa chivundikiro. Pa njinga zina m'malo mwake pali kamtanda komangidwa ndi bawuti. Ndi chimenechi chimaletsa chivundikiro kuzungulira limodzi ndi gudumu. Chikaphonya, buleki yoyamba imene munthu adzagwire idzakulunga nthambo n'kumugwetsa. Mukalowetsa ekiselo ndi kulumikiza nthambo, zungulitsani gudumu, finyani chogwirira zolimba, ndipo mnzanu amange nati ya ekiselo inu mukadafinyabe. Kutero kumakhazika mashuzi pakati penipeni pa diramu. Ikani kapini katsopano, osati msomali kapena waya wa mpanda. Sinthani nati ya nthambo mpaka mpata wa chala chimodzi uja upezeke. Pomaliza tembenuzani chiwongolero mpaka kumanzere ndi mpaka kumanja, gudumu likuzungulira. Ngati buleki ikugwira pokhota, nthambo yadutsa njira yolakwika.

Kuyesa kuchitike pabwalo losalala, pa liwiro la munthu woyenda pansi, popanda wokwera kumbuyo ndi katundu. Mashuzi atsopano sagwira mwamphamvu masiku oyamba mpaka atazolowerana ndi diramu, choncho ulendo woyamba usakhale wotsika phiri ndi matumba.

Njinga za mbale yachitsulo

Njinga zina zili ndi buleki ya mtundu wina, ya mbale yachitsulo yoonekera kunja, imene amati disiki. Mtundu umenewu udafala kuyambira mu 1969, pamene Honda CB750 idatuluka nawo, ndipo lero mumauona pa njinga zambiri za kabaza. Pamenepa palibe nthambo yawaya. Chogwirira chimakankha mafuta a mabuleki kudzera m'kapaipi, mafutawo amakankha pisitoni, ndipo pisitoni imapanitsa mbale ija pakati pa mapadi awiri. Chobweza pisitoni ndi kamphira kozungulira kokha, ndiye dzimbiri lochepa pa pisitoni limakwanira kuti buleki ikanirire.

Mafuta amenewa ali ndi khalidwe lomwa chinyontho cha mumpweya. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka kutentha kufike madigiri 230, koma akamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 155. A DOT 3 amatsika kuchoka pa 205 kufika pa 140. Madzi omwewo ndiwo amadyetsa pisitoni dzimbiri kuchokera m'kati. N'chifukwa chake opanga njinga amalangiza kusintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse. Mtundu wofunika walembedwa pa chivundikiro cha kabokosi ka mafuta pa chiwongolero. Oyilo wa injini, palafini, petulo kapena mafuta ophikira zisalowemo ngakhale dontho, chifukwa zimatupitsa timphira tonse, ndipo mphira wotupa ndiye amamanga buleki.

Pakhomo mungathe kuona ngati kabokosi kadzazidwa mopitirira mzere, kutsuka matope ozungulira mapadi ndi madzi a sopo, ndi kuyesa ngati chopanira chonsecho chikusuntha pa timapini take. Pali kuyesa kumodzi kothandiza kwambiri. Pa chopaniracho pali kabawuti kotulutsira mpweya. Gudumu litamangika, masulani kabawutiko pang'ono chabe n'kukamanganso msanga, osakhudza chogwirira. Ngati mafuta athamanga n'kutuluka, gudumu n'kumasuka, ndiye kuti mafuta akulephera kubwerera kumwamba: kabowo kochepa ngati ka singano m'kabokosi kaja katsekeka, kapena kapaipi kaonongeka m'kati. Ngati gudumu lakhalabe lomangika, pisitoni kapena timapini tagwira dzimbiri. Mukadziwa zimenezi mudzapita kwa makaniko mukudziwa chokanena, ndipo sadzakugulitsani chimene sichidaonongeke. Kutulutsa pisitoni kumafuna timphira tatsopano ndi kuchotsa mpweya m'mafuta pambuyo pake. Njinga isayende mpaka chogwirira chitalimba bwino pofinya. Mafutawa amasupula utoto, amawawa m'maso, ndipo ndi poizoni. Musawasungire m'botolo la zakumwa pamene mwana angafikire.

Mwina wina mwa inu akuti, "Zonsezi n'zabwino, koma kwathu njinga saigwira munthu wamkazi." Tikudziwa. Pali abambo amene angalole kuti muwerenge ndalama zawo koma osati kugwira sipanala yawo. Nkhani yotere siyambidwa pagulu, kapena pamene munthu wangofika ali wotopa. Dikirani adye, ndipo munene chimene mwaona ndi maso, osati chimene iwo alakwitsa: "Bambo, pokankha njinga ija m'mawa ndaona kuti ikulemera, ndipo gudumu lakutsogolo likutentha. Bwanji Loweruka tiitsegule, ine ndikugwirireni?" Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchitoyi imafunadi anthu awiri, wina wofinya chogwirira, wina womanga nati. Koma ngati ayankha kuti angomasula nthambo basi, pamenepo limbani mtima, ndipo mwaulemu womwewo nenani kuti inu ndi mwana simukwera mpaka buleki itakonzedwa. Chimodzimodzi pokwera kabaza: yang'anani ngati chogwirira cha kudzanja lamanja chilipo ndipo nthambo yake yalumikizidwa kugudumu. Ngati ikulendewera, dikirani njinga ina.

Palinso amayi ambiri tsopano amene njinga ndi yawoyawo: aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, amalonda, ndi amayi amasiye amene adasiyiridwa njinga ili pakona, itafundidwa chiguduli. Kwa iwowa, njinga imene yaima chaka chathunthu isalizidwe n'kukwerapo tsiku lomwelo. Mabuleki onse awiri ayambe atsegulidwa.

Mukakonza, kusamala kwake n'kochepa. Mukawoloka mtsinje kapena chithaphwi chakuya, yendani pang'onopang'ono mukufinya buleki mopepuka kangapo kuti kutentha kuumitse madzi. Potsuka njinga musakhuthulire ndowa pakati pa gudumu. Isagone pamvula, ndipo ngati mwaifunditsa pulasitiki musiye mpata woti mphepo izipita, chifukwa pulasitiki wofika pansi amasunga chinyontho. Njinga ikaima masiku ambiri, finyani chogwirira kakhumi ndi kuikankha pang'ono sabata iliyonse. Kutsegula ndi kupaka girisi kachitsulo kaja kuchitike kawiri pachaka: mu Okutobala mvula isanagwe, ndi mu Meyi matope atauma, kusanayambe kututa zokolola kupita nazo kumsika.